Sola ya 100W ndi fani ya 12V: kodi n'zoyenera penshoni ya munthu wopuma kuchigwa?

Okutobala wa kuchigwa cha Shire salemekeza imvi. Kwa Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula mpaka ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40 masana, ndipo malata akamwa dzuwa tsiku lonse chipinda chimakhala ngati uvuni mpaka tambala woyamba. Mnyamata amangotulutsa mphasa n'kukagona pabwalo, udzudzu n'kumamudya. Bambo kapena mayi wa zaka 60 amene wangopuma kumene ntchito ya boma, wabwerera kwawo kuchokera ku Zomba kapena ku Lilongwe, mwinanso ali ndi BP, sangapirire zimenezo chaka ndi chaka. N'chifukwa chake achikulire akamawerenga madalitso a kupuma satchula zinthu zazikulu ayi. Amayamika tulo tokwanira m'neti, nyali yowerengera Baibulo kapena Kurani maso atayamba kufooka, wailesi yolankhula pakhonde, ndi foni yokhala ndi moto tsiku limene uthenga wa penshoni ukulowa.

Zonsezi zimafuna magetsi ochepa kwambiri, ndipo katundu amene tikumuwunika pano ndi amene amawapereka: sola yaing'ono yogula chimodzichimodzi, yomwe ndi panelo ya 100W, batire la 100Ah, kontirola (kabokosi koyang'anira magetsi olowa ndi otuluka m'batire) ya 10A kapena 20A, mababu a LED a 12V ndi fani ya 12V. Amapezeka m'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi ku Blantyre, komanso m'mashopu ena pa Dyeratu, pa Nchalo ndi ku Nsanje boma. Chigamulo chathu n'chakuti ndi katundu woyenera kuchotsera pa ndalama yolandira kamodzi popuma ntchito. Koma sachita zonse zimene ogulitsa amalonjeza, ndipo kuchigwa kuno ali ndi mdani amene anthu a ku Thyolo kapena ku Dedza samudziwa kwenikweni.

Amene nyumba yawo ili pamzere wa ESCOM asanyoze. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, pamtsinje wa Shire womwewu, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo fani ya pasoketi inasanduka chokongoletsa m'nyumba.

Masamu ake ndi a kupulaimale. Tengani mawati a chipangizo, chulukitsani ndi maola amene chikuyaka, mupeza chimene amalemba kuti Wh. Fani ya 12V ya mainchesi 16 imadya pafupifupi 15W ikamazungulira mwapakatikati. Maola 8 a usiku ndi 120Wh. Mababu atatu a 5W oyaka maola 4 ndi 60Wh. Babu la panja la 3W loyaka maola 10 ndi 30Wh. Mafoni awiri ndi wailesi, tinene 45Wh. Zonse pamodzi ndi 255Wh patsiku. Mbali ya zolowa, musawerenge 100W yolembedwa kumbuyo kwa panelo ija. Panelo yotere imatulutsa pafupifupi 5.5A, ndipo ikadutsa pa kontirola wamba ya PWM n'kulowa m'batire la 13.5V, zimene mukulandira ndi 75W basi. Dzuwa lamphamvu ndi la maola asanu patsiku, ndiye mukachotsa za fumbi ndi zotayika m'mawaya mumatsala ndi 300Wh mpaka 350Wh. Zikukwana, ndipo pakutsala kanthu. Mukawonjezera TV ya 12V ya 30W kwa maola atatu, ndi 90Wh inanso, ndiye mwafika pamapeto. Mukafuna mafani awiri, ya achikulire ndi ya zidzukulu, gulani panelo ya 150W kapena 200W kuyambira pachiyambi, ndi kontirola ya 20A.

Pogula, pepala lomatidwa kumbuyo lisakunyengeni, chifukwa kusindikiza nambala n'kosavuta. Panelo ya 100W yeniyeni imakhala yotalika pafupifupi mita imodzi, m'lifupi theka la mita kapena kupitirirako pang'ono. Mukaona yaing'ono ngati thireyi yoperekera tiyi koma yalembedwa 150W, isiyeni. Pitani ndi mmisiri amene ali ndi mita yoyezera magetsi, atulutse paneloyo padzuwa la masana. Yosalumikizidwa kulikonse iwerenge 21V kapena 22V, ndipo akayeza mphamvu yake pa malo a 10A a mitayo, ifike pakati pa 5A ndi 6A. Ikawerenga 3A dzuwa lili pamutu, ndi panelo ya 50W yovala suti ya mkulu wake. Wogulitsa amene akukana kuti muyeze wakuuzani kale zonse.

Kontirola zambiri zotchipa zolembedwa MPPT, mtundu umene umakolola magetsi ambiri kupanelo kuposa PWM, ndi za PWM m'kati. Ya MPPT yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koyilo yaikulu, ndipo mtengo wake ndi wina. Pa panelo imodzi ya 100W musavutike nayo. PWM yabwino ikukwanira, bola ikhale ndi galasi losonyeza manambala ndi mabatani osinthira malire a batire. Yopanda mabatani musagule, ndipo chifukwa chake chikubwera.

Tsopano batire, pamene pagona nkhani yonse. Ndilo lodula kuposa zina zonse, ndiponso ndilo limayamba kufa. Popeza katunduyu amachokera kunja, mtengo wake umatsatira dola: kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabatire anakwera nthawi yomweyo, pamene penshoni siithamanga choncho. Munthu wopuma sangakwanitse kugula batire chaka chilichonse.

Choyamba, batire la galimoto si la sola. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe pomwepo. Mukamalikama usiku ndi usiku, zimbale zake zopyapyala za mtovu zimanyenyeka, ndipo silimaliza chaka lili bwino. Funsani la deep cycle, lopangidwira kukamidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku. Kenako linyamuleni. La 100Ah la mtovu limalemera makilogalamu 28 mpaka 30. Ngati mwalinyamula ndi dzanja limodzi osabuula, mtovu wake ndi wochepa, ndipo 100Ah ija ili papepala pokha. Liyezeninso m'sitolo momwemo. Latsopano lisatsike pa 12.5V. Limene lakhala pashelefu miyezi yambiri osatchajidwa limakhala litayamba kale kuwonongeka ngakhale bokosi lake likuwala. Lisiti ilembedwe nambala ya batirelo ndi miyezi ya chitsimikizo, osati mawu a pakamwa.

Mdani uja ndi kutentha. Batire la mtovu analipangira malo a madigiri 25, ndipo pa madigiri 10 aliwonse owonjezera moyo wake umadulidwa pafupifupi theka. Lomwe lingakhale zaka zinayi ku Bvumbwe likhoza kutha zaka ziwiri kwa Ngabu ngati laikidwa m'chipinda chotentha, ndipo likaikidwa m'khitchini ya malata pafupi ndi mbaula ndiye mwalikumbira manda. Lifunireni chipinda chozizira kuposa zonse, makamaka cha mbali imene dzuwa la madzulo silimenya khoma, ndipo mpweya uzidutsa. Musalitsekere m'bokosi kapena kulifunditsa nsalu poopa fumbi. Ngati ndi lothira madzi, lisakhale kuchipinda chogona, ndipo koloboyi kapena kandulo asayandikire, chifukwa likamatchaja limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka.

Za madzi a batire tikhalepo pang'ono, pakuti apa ndi pamene ambiri kuchigwa amalakwitsa ndi mtima wabwino. M'nyengo yotentha madzi amatsika msanga, choncho tsegulani zotsekera kamodzi pamwezi. Zimbale zikhale zomira, madzi atakwera pafupifupi sentimita imodzi pamwamba pake. Thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati asidi, chifukwa chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Ndipo musayese n'kamodzi komwe kuthira a pamjigo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje ili ndi madzi amchere, ena mpaka osamweka, ndipo mchere umenewo ukalowa m'batire sutulukanso. Mabatire otsekeratu a gel kapena AGM alibe ntchito imeneyi, n'chifukwa chake amayenera munthu wachikulire amene safuna kugwira asidi, koma nawonso ali ndi pofooka pawo: akatchajidwa mopitirira m'chipinda chotentha amauma m'kati, ndipo palibe pothirira.

Apa ndi pamene mabatani a kontirola aja akugwira ntchito. Zambiri zimabwera zitaikidwa kuti zizimitse magetsi batire likatsika kufika 11.1V, zina mpaka 10.7V. Pamenepo batire lakamidwa kotheratu, ndipo likamafika pamenepo kawirikawiri zimbale zimachita chikhungu cholimba chimene sichisungunukanso. Kwezani malirewo afike 11.8V. Magetsi adzazima msanga masiku a mitambo, inde, koma batire lidzakhalitsa. Malire a pamwamba, 14.4V ndi ya malo ozizirirako. M'chipinda cha madigiri 35 tsitsani afike 14.2V, ndipo la gel lisapitirire 14.1V. Kuti mudziwe ngati zinthu zikuyenda, yang'anani nambala m'bandakucha dzuwa lisanatuluke, mutazimitsa zonse kwa kanthawi. Nambala ya 12.7V ndi batire lodzaza, 12.4V mpaka 12.5V ndi usiku wabwino, 12.2V ndi theka. Ikamawerenga 12.0V m'mawa uliwonse, mukudya zambiri kuposa zimene dzuwa likubweza.

Alipo mabatire a lithiamu olembedwa LiFePO4. La 100Ah limalemera makilogalamu 11 mpaka 13, silifuna madzi, limalola kukamidwa kwambiri, ndipo limapirira kudzaza ndi kutha maulendo masauzande. Amene ndalama yawo ikufika, limeneli ndilo labwino kuchigwa, bola kontirola ikhale ndi malo a lithiamu. Kwa katundu wa 255Wh patsiku, ngakhale la 50Ah likukwana.

Ulendo wochoka nazo ku Blantyre nawo umapha katundu. Panelo isagonekedwe pansi pa matumba m'minibasi yotsika zitunda za Chikwawa. Ming'alu ya m'kati siioneka ndi maso koma imadya mphamvu. Iime chilili, yokutidwa ndi katoni. Batire lothira madzi liime mutu kumwamba, ngakhale pa kabaza.

Poika, panelo iyang'ane kumpoto. Kampasi ya pafoni ikuthandizani, kapena yang'anani mthunzi wa mtengo masana a mwezi wa Juni: umaloza kummwera, panelo iyang'ane mbali inayo. Chigwachi chili madigiri 16 mpaka 17 kummwera kwa equator, ndiye ipendeke mofanana. Pa panelo ya mita imodzi, mbali ya kummwera ikwere masentimita 25 mpaka 30. Ikagona fulati fumbi limakhazikika ndipo mvula siitsuka. Siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa. Chimango chimangidwe ndi mabawuti pa mitanda ya denga, osati pa lata lokha kapena ndi waya wa lamya, chifukwa mphepo ya mvula zoyamba imasasula madenga kuno chaka chilichonse. Yang'ananinso nimu kapena mango wa pafupi: mthunzi wa nthambi imodzi pa ngodya ya panelo umatsitsa mphamvu ya panelo yonse, osati ya ngodya yokhayo.

Waya ndi pamene amisiri ena amabera achikulire osadziwa. Kuchokera padenga kufika pa kontirola pafunika waya wa kopa wa 4mm², wa mababu ndi fani 2.5mm². Pa mtunda wa mamita 10, waya wa 1.5mm² umataya 1.3V, pamene wa 4mm² umataya theka la volt. Zikuoneka zochepa, koma panelo ikatentha kufika madigiri 65 padenga, 18V yake imatsika kufika cha m'ma 15V. Chotsanipo 1.3V, mwatsala ndi zosakwana kudzazira batire. Zotsatira zake n'zakuti dzuwa la Novembala likuswa mtengo koma batire silikudzaza, mwini wake n'kumaimba mlandu batire losalakwa. Palinso waya wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni, kakayera m'kati si kopa. Fyuzi ya 15A kapena 20A ikhale pa waya wofiira, masentimita osapitirira 30 kuchokera pabatire. Batire la 100Ah mawaya akagundana limasungunula waya n'kuyatsa nyumba, ndipo makoswe a m'denga sasankha chotafuna, choncho mawaya adutse m'mapaipi apulasitiki. Polumikiza, yambani batire ku kontirola, kenako panelo, mababu pomaliza. Pochotsa, panelo ndiyo imayamba. Mukasokoneza dongosolo limeneli kontirola zina zimapsa pomwepo.

Kutsuka ndi ntchito ya mdzukulu, osati ya agogo kukwera makwerero. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kamodzi pasabata, m'mamawa galasi lisanatenthe. Madzi ozizira pa galasi lotentha masana akhoza kuliswa. Oyandikana ndi minda ya nzimbe ku Nchalo azitsuka kawiri nyengo yowotcha nzimbe, chifukwa phulusa limatera paliponse. Mukatsukira madzi a pamjigo, pukutani ndi nsalu youma asanaume okha, apo ayi amasiya mawanga oyera a mchere.

Fani ndiyo imasangalatsa kwambiri pa katundu yenseyu, koma isankheni bwino. Zotchipa zili ndi mota ya mabulashi, imene imayamba kulira ndi kufooka ikagwira nyengo imodzi kapena ziwiri zotentha. Yolembedwa brushless imadya moto wochepa, imayenda mwakachetechete, ndipo imakhalitsa. Vuto lina ndi neti: mphepo ya fani yoima panja imafika m'kati itafooka, ndipo ena amakweza netiyo kuti amve kuzizira, malungo n'kupeza khomo. Njira yabwino ndi kafani kakang'ono kopanira, ka 3W mpaka 5W, kokhala m'kati mwa neti chakumiyendo kwa bedi. Kamadya gawo limodzi mwa magawo atatu a moto wa fani yaikulu ndipo kamagwira ntchito kuposa iyo. Dziwaninso kuti fani siiziziritsa mpweya. Masana chipinda chikatentha kuposa thupi, imangokuwuzirani moto. Nyowetsani chitenje, mufunde pamapewa, ndiye fani iwombe pamenepo, ndipo madzi akumwa akhale pafupi. Usiku ikani fani yaikulu pawindo lokhala ndi waya wa udzudzu kuti izikoka mpweya wa panja, umene umazizira msanga kuposa wa m'nyumba.

Chimene sitikuyamikira ndi inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, imene ogulitsa amakonda kuwonjezerapo. Ikangoyatsidwa, ngakhale palibe chalumikizidwa, imadya 5W mpaka 10W. Ikaiwalika tsiku lonse yatha 120Wh mpaka 240Wh, moto wa fani wa usiku umodzi kapena uwiri. Choipa kwambiri n'chakuti imabweretsa soketi, ndipo soketi imaitana ayironi ya 1,000W, ketulo ya 2,000W ndi firiji. Firiji wamba m'kutentha kwa kuno imafuna pafupifupi katatu zimene panelo ya 100W ikutulutsa patsiku. Madzi ozizira asiyireni mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa pamthunzi. Ndipo ngati inveta ilipo kale, isalumikizidwe pa kontirola. Malo ake ndi pabatire, ndi fyuzi yakeyake.

Walira mvula walira matope. Nyumba ikangowala usiku, mafoni a aneba ndi a kumpingo amayamba kubwera. Foni imodzi ndi 10Wh mpaka 15Wh. Khumi ndi moto wa fani wa usiku wonse. Munthu wamkulu zimamuvuta kukana, ndiye ikani lamulo losakhumudwitsa: mafoni atchajidwe pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, pamene dzuwa lili lamphamvu. Dzuwa likalowa, moto ndi wa eni nyumba.

Ena amafunsa za masola a ngongole, olipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ubwino wake ndi woona: safuna ndalama yambiri poyamba, batire lake ndi la lithiamu, mawaya ndi ongolowetsa, ndipo chikawonongeka pali kokadandaula. Kwa mayi wamasiye amene alibe mmisiri womukhulupirira, ndi njira yabwino. Koma mapanelo ake ambiri ndi aang'ono, okwanira nyali, wailesi ndi foni koma osati fani ya usiku wonse, mapulagi ake salola zipangizo za kwina, ndipo malipiro akachedwa magetsi amadzitseka. Musanasaine, werengerani ndalama yonse mpaka tsiku lomaliza, ndipo funsani mawati a panelo ndi ma Wh a batire, osati chiwerengero cha mababu.

Chomaliza ndi madzi osefukira. Amene ali ku Makhanga, ku Chiromo, m'mbali mwa Ruo, Mwanza ndi Shire akukumbukira Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo makoma ambiri akadali ndi mzere wa pamene madzi analekeza. Batire likhale pamwamba pa mzere umenewo, pa nsanja ya njerwa ndi simenti yokhoza kunyamula makilogalamu 30, kontirola ikhale pamwamba pakenso. Sipanala ya 10 kapena 13, malinga ndi mabawuti a batire lanu, ipachikidwe pamsomali pomwepo. Chenjezo likamveka pa wailesi kuti anthu asamukire kumtunda, chotsani waya wa panelo, kenako wa batire, kutani kontirola m'jumbo, ndipo mwana wamphamvu anyamule batire. Panelo isiyeni padenga, mvula siiopa.